Nyumba Yopanda Galasi ku Nyanga

Tsiku limene Ellina anachotsedwa ntchito, mphepo ya kuno ku Cape Town inali kalikiliki kuvula anthu zipewa. Iye anaima pa renki, pokwerera mateksi, ku Bellville atakumbatira katoni. M'katonimo munali kapu ya tiyi, juzi, ndi kabokosi kakuda ka wayifayi kakufa. Mateksi a ku Gugulethu ankadzaza n'kunyamuka, iye ali chiimire, ngati waiwala kumene amakhala.

Inu amene mwatsegula nkhaniyi chifukwa zinthu zakuthinani, dziwani kuti mtsikana ameneyu anaima pomwe mwaima inupo. Ndipo sikanali koyamba.

Kwathu ku Malawi anali atayamba maphunziro a makompyuta ku yunivesite. Chaka chachiwiri mayeso anamukana, ndipo monga timanenera ife amene tinadutsa kumeneko, anawidedwa, ndiye kuti anachotsedwa sukulu. Manyazi ndi amene anamukweza basi ya ku Joni.

Anafikira kwa a Sauda, mayi wa ku Machinga amene anali ndi kontena yolukiramo tsitsi kuseri kwa renki. Awiriwa ankagona chipinda chimodzi cha malata kuseri kwa nyumba ya eni ku Gugulethu. A Sauda ankaswali pa kamkeka kawo, Ellina n'kumang'ung'udza nyimbo za kwaya, ndipo sanakanganepo za Mulungu. Ankakangana za chipeso.

Amene munaidziwa kontena ija mukukumbukira. Fungo la mafuta a tsitsi losakanikirana ndi la magwinya, mandasi a kuno, kahita ka parafini m'nyengo yozizira, azimayi a ku Zomba, a ku Harare ndi a konkuno atapanikizana pa benchi imodzi, aliyense akuseka m'chilankhulo chake. Mvula ikamagwa pa denga lachitsulo lija, miseche inkachita kukuwidwa. Makasitomala akachepa, Ellina ankatulutsa laputopu yakale yong'aluka pakona n'kumadziphunzitsa zimene yunivesite inati sangazithe.

Mkazi wa a Yoram ankalukitsa pomwepo. Ndi iye amene anakauza mwamuna wake kuti ku kontena kuli mtsikana wolankhula ndi kompyuta. A Yoram, bambo wa ku Kasungu, anali ndi kakampani kokonza timabokosi ta wayifayi toika m'masipaza, timagolosale ta m'malokesheni, kuti anthu azigula intaneti pamodzi ndi buledi. Anamutenga Ellina kuti amuyese.

Ntchito yake inali yolemba mayeso. Kabokosi kasanapite kwa kasitomala, pamafunika kukafunsa mafunso. Kodi ukuyaka bwino? Magetsi akathima n'kubweranso, udzuka wekha? Mafunsowa safunsidwa pakamwa. Amalembedwa ngati timalamulo totsatana, timene a ntchitoyi amati masikiriputi a shell, ndipo shell imeneyo, pulogalamu ya m'makinamo, imatiwerenga n'kupereka yankho.

Ellina analemba mayeso ake pa laputopu ndipo anayenda myaa. Anawakopera m'timabokosi. Kalikonse kanayankha ndi zilembo zobiriwira zakuti PASS, kutanthauza kuti zonse zili bwino. A Yoram anamugwira chanza, timabokosi tinapakiridwa ulendo wa ku Nyanga.

Zinali zaka zija magetsi ankathima ngati ali ndi wotchi. Atathima n'kuyakanso, timabokosi tija sitinadzuke. Tinyale tinkaphethira bwinobwino, koma intaneti kunalibe. Eni masipaza anayamba kuimba foni, ndipo mwini sipaza akakwiya sasankha chilankhulo.

A Yoram anamuitana Ellina mu ofesi.

"Mayeso anu anati zonse zili bwino, chemwali. Ndiye wonama ndani, inu kapena bokosi?"

"Sindikudziwa, bwana."

"Vuto lake ndi limenelo. Lolemba musabwere." Anamukankhira kabokosi kamodzi kobwezedwa. "Tengani aka, muzikatsekera chitseko mphepo ikavuta."

Ndi mmene anapezekera pa renki paja atakumbatira katoni.

Atafika kunyumba anauza a Sauda kuti basi, zakwana. Azakhali ake anali atamulonjeza kale malo ogulitsa nsalu m'shopu ina ku Limbe. Makompyuta aone ena.

"Iwe, Disembala ndi uyu, maukwati ali mbwee, ukufuna ndiluke ndi mapazi?" anatero a Sauda. "Undithandize kaye. Maukwati akatha ndikakukweza ndekha basiyo, ndikuphikiranso nkhuku ya panjira."

Anagwirizana choncho. Basi ya pambuyo pa Khirisimasi, ndipo akangokwera, za makompyuta zithere pompo.

Koma pali matenda amene ena a ife tinabadwa nawo. Funso losayankhidwa limatiyabwa ngati nsabwe. Kabokosi kaja sikanatsekere chitseko ayi. Kanakhala pa shelefu ya m'kontena, pakati pa mameshi ndi botolo la shampu, ndipo mpata ukangopezeka Ellina ankakalumikiza.

Chozunguza mutu chake n'chimenechi, yesani kuchimasula nanunso. Kabokosi kotere kamadzilembera zonse zimene zakachitikira, ngati wodwala wofotokoza mmene wagonera. Mayeso a Ellina ankawerenga zolembazo kufunafuna mawu osonyeza vuto. Akawapeza ankati FAIL, akapanda kuwapeza ankati PASS. Ellina atawerenga yekha ndi maso ake, mawu a vutowo analipo, poyera. Atakopera zolembazo pa laputopu n'kuyendetsa mayeso, yankho linali FAIL. Koma mayeso omwewo, osasintha ngakhale kadontho, m'kabokosi ankati PASS.

Ndiye wonama ndani?

Anawerenga mzere ndi mzere, chotsika ndi chokwera. Panalibe chilembo cholakwika. Makasitomala anayamba kumuseka.

"Sisi, chibwenzi chakocho chikuyankha koma?" anafunsa mayi wina wa ku Zomba, mutu uli pa mawondo a Sauda. "Kapena nawonso amuna a pulasitiki ndi chimodzimodzi, kungoti zonse zili bwino?"

Kontena yonse inafa nalo phwete. Ellina anaseka nawo, koma usiku ndi usana funso linali pompo.

Loweruka lina a Sauda ndi Ellina anaitanidwa ku Nyanga kukaluka mayi a mkwatibwi, mama wachikulire amene miyendo inkamuvuta moti sakanatha kukwera teksi. A Sauda anali ndi chizolowezi chawo. Akamakaluka kunyumba kwa munthu ankanyamula zonse, mpaka fulasiki ya madzi otentha oviikamo nsonga za meshi, ndipo moni asanathe n'komwe ankakhala atafunsa kale ngati magetsi alipo, ngati madzi akutuluka. Koma tsiku limenelo chikwama analongedza ndi Ellina. Kagalasi ka m'manja anakasiya pa shelefu. Nyumba yanji yopanda galasi?

A Sauda analuka kutsogolo, Ellina kumbuyo, zala pamutu pa mama koma maganizo ali pa kabokosi. Atamaliza, mamayo anasisita mutu wake n'kunena kuti enkosi, zikomo wa Chixhosa. Ellina anayamba kulongedza.

"Ukupita kuti?" anafunsa a Sauda.

"Tamaliza, anti. Sanadandaule."

"Kagalasi kali kuti?"

"Ndinakasiya. Ndimayesa muno lilimo."

"Ukuliona? Tayang'ana khoma lonseli, pali kalendala ndi chithunzi cha malemu basi. Ndiye adandaula bwanji zimene sanazione? Munthu sanaone, iwe ukuti wavomera?"

A Sauda anajambula kumbuyo kwa mutuwo ndi foni n'kuwaonetsa mama. Mizere ya Ellina inali yokhotakhota ngati njira ya chidakwa.

"Hayibo!" Mama anakuwa mpaka galu wa aneba anayankha.

Anamasula n'kuyambiranso, mkwatibwi akupondaponda pakhomo, mama akulankhula Chixhosa chimene sichifuna womasulira. Koma Ellina ankaluka akumwetulira.

"Watukwanidwa, ukuseka?" ananong'ona a Sauda.

"Anti, kabokosi kaja kalibe galasi."

"Mwana uyu wapita," anatero a Sauda, akupukusa mutu.

Sanapite. Anali atangofika kumene.

Laputopu yake inali ngati kontena ija, chida chilichonse chili pamalo pake. Kabokosi kanali ngati nyumba ya ku Nyanga. Opanga zipangizo zing'onozing'ono zotere amachotsamo chilichonse chimene angathe kuti zonse zikwane pa kamalo kochepa, ndipo zida zimene zatsalamo zimakhala zodulidwadulidwa. Mayeso a Ellina ankafufuza mawu pogwiritsa ntchito chida chotchedwa grep, ndipo iye anachilamula kuti chifufuze mwa njira ina yapamwamba imene grep ya pa laputopu imaidziwa. Ya m'kabokosi sinkaidziwa. Inkangodandaula kuti sikumva, n'kusiya osafufuza. Tsono Ellina, pofuna kuti zotsatira zizioneka zaudongo pamaso pa bwana, anali atalemba kuti madandaulo onse azitayidwa. Mayeso akaona kuti palibe chimene chabwera, ankati palibe vuto.

Atabwerera ku kontena, asanavule n'komwe nsapato, anafufuta kachidutswa kotaya madandaulo kaja. Kabokosi kanalankhula nthawi yomweyo. Kanali kakudandaula kuyambira tsiku loyamba, kungoti kanali kotsekedwa pakamwa.

Apa ambiri tikanathamangira kwa a Yoram, mpweya uli m'mwamba. Ellina sanapite. Anakhala pa benchi n'kudzifunsa kuti, ngati galasi linasowa, n'chiyaninso china chimene ndinangoganiza kuti chilimo?

Yankho linali lochititsa manyazi. Pafupifupi zonse.

Pafupi ndi kontena panali a Hamis, wokonza mafoni, ndipo pansi pa tebulo lawo panali manda a zipangizo: marauta akale ogawira intaneti, timakompyuta tothyoka, zinthu zimene eni ake anaziiwala kalekale. Ellina anapita kukapempha.

"Tenga, chemwali," anatero a Hamis. "Ukazidzutsa undiitane, ndidzaone chozizwitsa."

Chilichonse mwa zipangizozo chinali ndi umphawi wakewake. Masikiriputi a Ellina onse ankayamba ndi kuitana bash, shell yaikulu yodziwa zambiri imene inali pa laputopu. M'zipangizo zambiri bash munalibe. Munali ka sh kosauka, kongodziwa zoyambirira. Choncho anafufuta zokometsera zonse n'kulembanso m'chilankhulo cha ka sh komweko, chimene makina aakulu ndi aang'ono omwe amamva.

Sizinathere pomwepo. Rauta ina inalibe chida chowerengera manambala motsatana, ndipo anaphunzira kuwerengetsa shell yokha. Ina inkakana kuti alembe pamalo pamene anazolowera kusungira zinthu zongodutsa. Ina akaiuza kuti idumphe mzere, inkangosindikiza lamulolo mmene lilili, ngati mwana wa sukulu wobwereza ndi chifuwa cha aphunzitsi chomwe. Akakonza cha apa, cha apo chinkagwa.

Tsiku lina analongedza zonse m'katoni n'kunena kuti Limbe ndi yabwino, nsalu sizikana munthu. A Sauda anangomupatsa mutu wa kasitomala. M'mawa mwake Ellina anatulutsanso zipangizo zija, poti funso linali likuyabwabe.

Pang'ono ndi pang'ono mayeso ake anayamba kufika pakhomo ngati a Sauda. Asanafunse funso lililonse, ankayamba aona ngati zida zimene akufuna zilimo ndiponso ngati zikumva zimene zikuuzidwa. Zimene akanatha kudzinyamulira okha, ankadzinyamulira. Ndipo Ellina anawonjezera yankho lachitatu, limene poyamba kunalibe. Chida chikasowa, mayeso sankaloledwanso kunena kuti PASS. Ankalemba ndi zilembo zachikasu, m'Chichewa chathu chomwechi: SINDINAONE.

Anaphunziranso kusakhulupirira mayeso amene sanawamvepo akukuwa. Akalemba atsopano, ankayamba waononga dala kabokosi kuti aone ngati adandaula. Akakhala chete, ankadziwa kuti kwinakwake galasi latsala pa shelefu.

Khirisimasi itayandikira, a Sauda anabwera ndi nkhuku kuchokera ku butchala ya Asilamu anzawo.

"Nkhuku ndi iyi. Ndiiphike ya panjira kapena ya pano?"

"Muisungitse kaye m'firiji ya alandilodi, anti."

Ellina anapita ku ofesi ya a Yoram tsiku lotsekera tchuthi. Anawapeza akulongedza.

"Chemwali, za ntchito ndinanena kale."

"Sindinabwerere ntchito, bwana. Ndabwera ndi yankho la funso lanu lija. Bokosi silinaname. Ndinalitseka pakamwa ndine."

"Ndikudziwa," anatero a Yoram, osakweza n'komwe mutu. "Tinazipeza ifenso mutapita. Ndiye?"

Taganizani. Munthu wavutika nyengo yonse ya maukwati kumasula mfundo, n'kupeza kuti eni ake anamasula kale. Basi ya ku Limbe inali ngati yaima panja pa zenera. Koma Ellina sanachoke.

"Ndiye ndipatseni mabokosi ena, abwino ndi oonongeka. Musandiuze kuti ndi ati."

A Yoram anasiya kulongedza. Analowa kuchipinda cha kuseri, anachedwako ndithu, n'kutuluka ndi timabokosi titatu.

Koyamba kanati PASS. A Yoram anagwedeza mutu. Kachiwiri kanati FAIL, n'kutchula pamene panali vuto. A Yoram anagwedezanso mutu. Kachitatu kanakhala kaye duu, kenaka zilembo zachikasu zinatuluka: SINDINAONE. Pansi pake panalembedwa kuti chida chofufuzira mulibe.

Ellina anayamba kutseka laputopu.

"Aka kokha kandikanika, bwana. Sindikudziwa ngati ndi kabwino kapena koonongeka."

A Yoram anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Kameneka ndakachotsa grep dala, panopa kuseriku. Ndimafuna ndione ngati mayeso anu akhalanso chete n'kundinamiza." Anawerama n'kuyang'anitsitsa zilembo zija. "Ndiye mwalemba m'Chichewa?"

"Ndisintha, bwana."

"Musasinthe. Anyamata anga a ku Congo ndi a ku Mitchells Plain aphunzira. Tikatsegula mu Januwale, mubwere."

Nkhuku ija anadyera pa Gugulethu pomwepo, tsiku la Khirisimasi, Msilamu ndi Mkhristu mbale imodzi, chitseko atachitsekera ndi njerwa chifukwa kabokosi kakuda kanali katapeza ulemu.

Lero Ellina ndi amene amayang'anira mayeso onse pa kampani ija. Masikiriputi ake amayenda pa makompyuta akuluakulu ndiponso pa tizipangizo timene mungativale m'thumba la malaya, ndipo mukalowa mu ofesimo mudzamva mnyamata wa ku Lubumbashi akukuwa kuti, "Sisi, apa sindinaone!"

Koma kontena ija kulibe. Pamalo pake akugulitsapo matayala. A Hamis anasamukira ku Parow, mayi wa ku Zomba uja palibe akudziwa kumene ali. A Sauda zala zinayamba kuuma, ndipo anabwerera kwawo, kumene anatsegula kagolosale pa Ntaja. Basi imene anati adzamukweza Ellina, anaikwera iwo eni ake, ndipo amene anaphika nkhuku ya panjira anali Ellina. Potsanzikana, a Sauda anapisa m'chikwama n'kutulutsa kagalasi ka m'manja kaja, kong'aluka chogwirira.

"Usadzakasiyenso pa shelefu, wamva?"

Ellina amati akamadutsa pa renki ya ku Bellville mvula ikugwa, amamvabe fungo la parafini ndi magwinya, ndipo amaima pang'ono pafupi ndi matayala aja. Amadabwa yekha kuti masiku amene ankalira ndi omwe amawasowa kwambiri. Kagalasiko kali pa desiki yake, pambali pa kabokosi kakufa. Ogwira ntchito atsopano amaganiza kuti mayiyu amadzikonda.

Tsono inu amene mwaima pa renki yanu mutakumbatira katoni, mwina anakuwidani, mwina anakuuzani kuti Lolemba musabwere, ndipo simukudziwa n'komwe pamene munalakwitsa. Kusadziwako si mapeto. Kunena kuti sindinaone si kugonja, ndi pamene munthu amayambira kuona. Bwererani, funsani chimene munangoganiza kuti chilipo, masulani mizere yokhota ija n'kulukanso. Funso likadali kukuyabwani, musakwere basi. Mtima wanuwo musautaye, nkhuku ikadali m'firiji.